NOC ya Macfussy

Ku Mansoura, mu mzinda wa Doha, m'chinyumba chakale cha nsanjika chomwe chili kuseri kwa lesitilanti ya Amwenye, mukafunsa za Wickson Namaona sakuuzani kuti ndi gadi, sakuuzani kuti ndi bambo wa ana awiri. Amangoti, “Uja wa Dzimbiri?” Mukavomera amakuchenjezani: “Mukamupeza, nkhani ya rap musayiyambe ngati muli ndi kopita.”

Dzimbiriyo anali woimba rap wa nthawi ya makaseti, zaka zija matipati ambiri atangobwera kumene, anyamata akukwekweta mathalauza otaya a pa kaunjika m'fumbi la Blantyre. Anali mnyamata wa ku Bangwe. Anatulutsa kaseti imodzi yokha, n'kukwera basi ya ku Joni, osamvekanso mpaka lero. Pa wailesi sankamuika, ati nyimbo zake zinkanunkha ngalande. Ngakhale nkhope yake Wickson sanaionepo. Pa chikuto cha kaseti panali dzina lolemba ndi bolopeni basi, ndipo tsiku lomwe anayenda wapansi kuchoka ku Zingwangwa kukamuonera ku Bangwe, magetsi anathima munthu asanagwire n'komwe maiki. Koma tayesani kumuuza kuti pa oimba a nthawi imeneyo panali wina woposa Dzimbiri, muone mitsempha ya m'khosi ikudzuka.

“Munthu uja sankaimba, ankagamula mlandu!” amatero Wickson.

Chomwe chinamugwira mtima ndi liwu. Liwu lochokera pansi pa mchombo, lolemera, losathamanga, ngati lole ya simenti ikukwera chitunda cha ku Soche. Mawu ankawayala pansi ngati njerwa, ina ikhale kaye kenako inzake:

Njala ndi mlamu wanga, sagogoda pakhomo,
wandidyera ndiwo, wandisiyira milomo.
Nsapato yaseka, msewu ukudziwa phazi,
lendi yandipeza ndikusamba popanda madzi.

Wickson anamva zimenezi ali mnyamata wonyamula katundu pa msika wa Blantyre, sukulu atasiyira fomu thu, mayi ake akugulitsa makala. Nsapato yake inali itasekadi. Kasetiyo anaigula pa benchi la mkulu wina amene ankajambula makaseti pa chiwailesi cha madeki awiri. Aliyense mu Blantyre amene anali ndi Dzimbiri anagula pa benchi lomwelo, poti ogulitsa ena ankati nyimbo za ana osokonekera siziyenda malonda.

Kuyambira pamenepo kasetiyo yamudyetsa zowawa zambiri. Anakhalapo kondakitala wa minibasi, anamuchotsa atatsitsa pasinjala pa Kamba chifukwa choti ananena kuti “tachotsani phokosolo.” Anakhala mlonda pa sitolo ina ku Limbe, ndi chibonga ndi wezulo. Mkazi wake Tawina anavomera ukwati atamuikira lamulo limodzi: Dzimbiri aziimba pabalaza, kuchipinda asalowe. Kaseti itayamba kutha, anaipititsa kwa anyamata a makompyuta kuti aisamutsire pa memore khadi, ndipo ndi khadi imeneyo anakwera nayo ndege.

Ku Doha anabwera pa kontirakiti ya ulonda. Kampani inamuika pa geti la yadi yosungira zitsulo, kunja kwa tauni, pomwe mthunzi wake ndi kanyumba kamalata kokhala ndi fani yongopukusa mphepo yotentha. Korona itagwa, anzake a m'mahotela anangogona pa mabedi osanja kudikira zomwe Mulungu aganize, koma magadi ankapitabe ku ntchito. Wickson anamupatsa kamfuti koyezera kutentha kwa thupi, aziloza pamphumi pa madalaivala ndi kuona ngati Ehteraz, app ya boma ya korona ya pa foni zawo, ili yobiriwira. Dzuwa la Julaye, masiki kukamwa, yunifomu ya manja aatali. Masana ena anangoona geti likupendekeka, n'kudzidzimuka ali chagada, dalaivala wa ku Nepal akumuwaza madzi kumaso. Adokotala anati ndi BP. Anawonjezera kuti thupi ili, dzuwa lina ngati limeneli silidzalipirira.

Miyezi imeneyo anthu sankayenderana, ndiye mikangano yonse inasamukira pa gulu la Amalawi la pa WhatsApp. Mpira unali utaima, ndale anthu zinawatopetsa, ndipo wina wopanda chochita anafunsa kuti kodi pa nthawi ya makaseti namba wani wa rap anali ndani. Anaponya mwala pa chisa cha mavu.

Mdani wamkulu wa Wickson pa gulupo anali Macfussy Dzoole, wa ku Area 18, supavaiza wa magadi pa hotela ina yaikulu. Ndi wamng'ono kwa Wickson, koma ku Doha anafika kale, ndipo kufika kaleko amakuvala ngati mendulo. Wake anali Mpaliro, woimba wa ku Lilongwe amene wailesi inkamuika m'mawa ndi madzulo, nyimbo theka Chizungu, zotama magalimoto omwe mwini wake analibe.

“Madala,” ankatero Macfussy mu voisi noti, “munthu wa kaseti imodzi mungamutche legend? Ngakhale nkhuku siikira dzira limodzi.”

“Njovu imabereka mwana mmodzi, iwe!” Wickson ankabweza ali pa geti, kamfuti kali m'manja. “Mpaliro wakoyo ankaimba za Benz akukwera kabaza. Tandiuza mzere umodzi wa Mpaliro woti ungauimbe uli ndi njala. Umodzi!”

Mpaka apa zinali zokoma. Anthu ankaseka, masiku ankapita.

Chakumapeto kwa chaka chomwecho eni dziko anasintha lamulo. Kale, kuti uchoke pa kampani upite ina, pankafunika chikalata chotchedwa NOC, chonena kuti bwana wako wakumasula. Bwana akakana, wakana, iwe umangozungulira chikhomo ngati mbuzi ya pachingwe. Tsopano anati NOC yatha: peza ntchito, pereka notisi, pita. Ku Mansoura anthu anavina pakati pa mabedi.

Ndiye Macfussy anamuimbira foni Wickson. Pa hotela patseguka malo amodzi, pa lobi.

“CV yanu ndikaipereka ndekha kwa mudiri, manejala wathu wa HR. Muziima pa AC, madala, mutavala suti, ntchito yanu welcome sir basi. Za kugwa pa geti zithe.”

Wickson anathokoza mpaka kumutcha bwana, mwana woti ku Malawi akanamutuma fodya. Anatumiza CV tsiku lomwelo. Sabata inatha, inshallah. Ina inatha, inshallah. Kenaka Macfussy anaitulutsira nkhaniyo pa gulu, anthu onse akumva:

“Lachisanu tikumane pa Corniche, kunyanja kuja, tithetse case ija. Madala akavomera pamaso pa mboni kuti Mpaliro ndiye namba wani, Lamlungu ofesi ikangotsegula CV ili pa tebulo la mudiri. Akakana, mafi mushkila, palibe vuto, ofuna malowa ndi ambiri.”

Tamvani nkhanza zake! Eni dziko amasula chingwe, Mmalawi mnzako watola chingwe chomwecho n'kukumanga nacho m'khosi. NOC ya bwana yatha, yabwera NOC ya Macfussy. Ndipo wina asanene kuti zinali zocheza. Zocheza zimakoma onse akakhala okhuta. Wina ali pa AC, wina dokotala wamuuza kuti dzuwa limupha, pamenepo palibe zocheza, pali mpeni ndi khosi.

Amene anamukhazika pansi Wickson ndi mnzake Mussa, dalaivala wa pa nyumba ina ku Markhiya. Mussa ndi wa ku Mangochi, munthu wosakweza mawu, kwawo ankakonza mawailesi.

“Achimwene, kanenani basi. Mawu satupitsa mlomo. Dzimbiri kaya ali ku Joni kaya ali kumanda, sakumvani. Koma mukagwanso pa geti paja, olira ndi alamu ndi ana.”

“Che Mussa, ndiye ndigulitse munthu chifukwa cha mphepo yozizira?”

“Walahi, gulitsani. Mukalowa pa lobi mudzamugulanso.”

Wickson anatukwana, anamenya bedi, anatukwananso. Koma Lachisanu atavala malaya ake abwino anali atatsimikiza: akanena. Mwamuna wa ana awiri samafera kaseti.

Anakumana masana, dzuwa la Disembala lili lofatsa, nyanja ili phee. Anali ochepa monga mwa malamulo a korona, atakhala motalikirana pa khoma la m'mphepete mwa madzi, aliyense kapu ya tiyi wa karak m'manja. Macfussy anabwera ndi magadi ake awiri a pa hotela, aja amayamba kuseka bwana asanamalize nthabwala. Anabweranso ndi kasipika ka bulutufu.

“Tisanagamule,” anatero Macfussy, “ndili ndi evidence. Mwana wa mwini situdiyo ina ku Ndirande, korona itamutsekera m'nyumba, wafukula matepi a bambo ake n'kuwaika pa intaneti. Original, madala. Osati za pa msika.”

Anadina foni.

Ng'oma zinayamba mothamanga ngati munthu wachedwa basi. Kenaka liwu: lowonda, lakuthwa, la kamnyamata koti ndevu sizinamere, mawu akugundana m'kamwa.

“Ameneyo ndiye ndani?” anafunsa Wickson.

“Mkango wanu uja, madala.”

“Bodza! Mwachita kupanga ndi app!”

Koma mlamu uja anali yemweyo, wosagogoda pakhomo. Nsapato inaseka pamalo pomwe imasekera. Ngakhale kakutsokomola kaja, komwe Dzimbiri amatsokomola asanalowe ndime yachiwiri, komwe Wickson wakhala akukatsanzira moyo wake wonse, kanalipo. Kungoti apa kanamveka ngati ka mwana wa chimfine.

Mussa anatsitsa kapu yake pang'onopang'ono.

“Achimwene, paja munati makaseti onse ankachokera pa wailesi imodzi ya madeki awiri?”

“Eya.”

“Ndi lamba. Lamba wa deki yoseweretsa akatopa, tepi imayenda mwaulesi. Deki inayo imangojambula zomwe yamva. Liwu limatsika, nyimbo imakoka miyendo.” Anapukusa mutu. “Mkulu ujayo anangokhala waulesi kusintha lamba. Blantyre yonse munkamvera lamba wotopa.”

Magadi awiri aja anagwa nacho chiseko, wina mpaka karak kutulukira m'mphuno. Macfussy ankamenya khoma ndi chikhatho.

“Lole ya simenti! Liwu la pansi pa mchombo! Madala, zaka zonsezi mwakhala mukulambira spare part!”

Wickson anayamba kuwerengera. Ntchito ya minibasi inapita chifukwa cha lamba. Anakanganapo ndi apongozi ake aamuna pa chinkhoswe chifukwa cha lamba. Mkulu wogamula milandu uja, amene ankamuona m'maganizo ali ndi chifuwa ngati chitseko, sanakhaleko n'komwe. Anamupanga ndi kamphira ka pa msika. Akanamupeza mkulu wa pa benchi uja nthawi imeneyo, akanamudyetsa wailesi yonse ndi madeki ake omwe.

“Yala, tiyeni, madala,” anatero Macfussy akupukuta misozi. “Zakuphwekerani tsopano. Nenani tizipita.”

Zinaphwekadi. Wotetezedwa uja kulibe, ndiye ukanirenji? Wickson anayang'ana pansi, nanena m'kati mwa masiki, mawu osatuluka bwino: “Mpaliro ndiye namba wani.”

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Wapambana, mdala wagonja, tenga CV upereke. Koma pali anthu ena oti ukawapatsa mwendo wa nkhuku amafunanso nthenga. Macfussy anatenga foni ya mmodzi wa magadi ake n'kuyatsa kamera.

“Sizikumveka. Tsitsani mask, muyang'ane kuno. Munene bwinobwino kuti group ione: Ine Wickson ndakhala ndikulambira kamwana kolira, bwana Macfussy anditsegula maso.”

Kasipika kanali kakuimbabe, nyimbo itabwerera poyamba. Wickson anagwira chingwe cha masiki kukhutu, ndipo chifukwa sankafuna kuyang'ana kamera, anamvetsera. Ndime yomwe iye amaiimba akupuma kanayi, kamnyamatako kankaidutsa ndi mpweya umodzi. Osaphonya liwu, osameza chilembo. Ndipo kunsi kwa kuthamangako kunali chinthu chomwe lamba uja anabisa zaka zonsezi: mantha. Sanali mkulu wogamula mlandu ayi. Anali mwana wa msinkhu womwe Wickson anali nawo pa msika paja, wanjala, wokwiya, akukankha mawu onse atuluke mwini situdiyo asanathimitse makina. Za mlamu wosagogoda uja sankaziweruza ali patali. Mlamuyo anali naye m'mimba tsiku lomwelo.

Ndiye uyu, wa suti ndi AC, akuti amutche kamwana kolira.

Wickson anatsitsa masiki.

“Ikujambula?”

“Ikujambula, madala.”

“Jambula bwino, usanjenjemere. Ine Wickson Namaona wa ku Zingwangwa ndikuti ndinalakwitsa.”

“Eheee!” anatero Macfussy.

“Ndinalakwitsa kumuchepetsa Dzimbiri! Ife tinamumva atamangidwa miyendo ndi lamba wotopa, ndipo ali chimangidwire anamusiya Mpaliro wako kumbuyo. Lero mwamumasula nokha, ndi sipika yanu, ndi bandulo yanu. Tamvera apo! Wapuma pati? Ndikufunsa iwe, supavaiza, wapuma pati? Mpaliro wako mizere iwiri ankapuma ngati wakwera masitepe a Mulanje, pakati n'kuikapo yeah yeah kudikira nzeru zibwere!”

“Achimwene,” Mussa anamukoka malaya, “CV.”

“Ndisiyeni, Che Mussa! Kamwana kolira? Eya, kankalira! Iwe unalirapo njala? Unayamba wagonapo ndi madzi m'mimba, iwe wa ku 18? Kankalira m'malo mwa ife tonse, pomwe wako ankawerenga matayala a galimoto ya eni!”

Ndiye anaima, nayamba kuimba motsatira kasipika, pa liwiro lenilenilo. Pamzere wachitatu lilime linapindika. Pachinayi mpweya unatha, anatsokomola mpaka kugwira maondo. Anthu oyenda pa Corniche anacheuka, mayi wina anakokera ana ake kumbali. Wickson anadzuka, maso ali psuu, nathamangira nyimbo ija mpaka anaipeza kumapeto kwa ndime, n'kumaliza nayo limodzi.

“Mwaona?” anatero akupuma mwabefu. “Ine bambo wamkulu zandikanika. Iye anazichita asanadye. Namba wani ndi Dzimbiri. Wa lamba ndi Dzimbiri, wopanda lamba ndi Dzimbiri. Namba thu kulibe. Mpaliro akafole kumbuyo kwa lamba, poti lambayo ndiye anali ndi luso kumuposa.”

Mmodzi wa magadi aja anaseka mosayembekezera, n'kudzigwira pakamwa bwana atamuyang'ana.

Nkhope ya Macfussy inauma. Anazimitsa sipika.

“Ine ndimafuna kukuthandizani, madala.”

“Kundithandiza? Thandizo lake lojambulitsa? Arabu andimasula mwezi wathawu, iwe ukuti ndikupemphe chilolezo chopumira. Ndiwe ndani? Unandibweretsa kuno ndiwe?”

“Khalasi, zatha. Mwadzichotsa nokha. Osadzati Macfussy ndi woipa.”

“Ndidzatero! Ndidzatero mpaka pa maliro ako, ndikadzapatsidwa mpata woyankhula!”

Anabalalika tiyi asanathe. Mussa anamuveka Wickson masiki ndi manja ake, ngati mwana, apolisi asanaone.

Lamlungu CV sinafike pa tebulo la mudiri. Malo aja anapatsidwa mnyamata wina wa kwawo kwa Macfussy, amene nthawi ya makaseti anali asanabadwe. Kanema uja pa gulu sanaikidwepo, ndipo amene ankaseka kwambiri mavoisi noti aja anangoti zii, poti aliyense ali ndi CV yake yomwe akufuna idzadutse m'manja omwewo. Amalawi! Pagulu mikango, pamaso pa supavaiza anapiye. Mmodzi yekha analemba kuti madala anaonjeza, akanangopepesa. Apepese chiyani? Analakwira ndani?

Wickson akadali pa geti la yadi ya zitsulo. Tsiku la ofu savalanso malaya abwino kupita ku Corniche. Amawavala kuyenda khomo ndi khomo, hotela, molo, chipatala, kusiya CV kwa anthu osamudziwa, amene samufunsa za rap. Ena amalandira, ena amangoloza bokosi. Marichi walowa, ndipo masana malata a kanyumba kaja ayamba kale kulira ndi kutentha.

Mussa anamupeza Lachisanu lina akuchokera koyenda koteroko, atakhala pa masitepe a nyumba ku Mansoura, nsapato atavula, mapazi atatupa.

“Achimwene, nenani zoona. Simukudandaula?”

Wickson anasisita phazi lake lotupa.

“AC ndikuidandaula, Che Mussa. Walahi ndimailota. Dzuwa likubwerali ndikuliopa, sindikunamizani.” Anatenga nsapato imodzi, naigogoda pa sitepe kuchotsa mchenga. “Koma mukakumana naye Macfussy mumuuze. Akadzatsegula malo ena, ngakhale a mudiri amene, funso lake likakhala lomwe lija, asavutike kundiimbira.”